Kanjira ka kuseri kwathu akuti kagulitsidwa, tigwire mtengo wanji?

Funso: Ndine mayi wamasiye, ndakhala ku Area 25 kuyambira ana anga ali ang'onoang'ono. Kuseri kwa mzere wa nyumba zathu kuli kanjira kamene tinakapeza kalipo kale. Ana amadutsa pomwepo popita kusukulu, ife timadulirapo popita kumsika wa Nsungwi, ndipo mvula ikagwa madzi amatsikira momwemo. Sabata yatha kunabwera lole n'kutsitsa mchenga ndi mabuloko pakamwa pa kanjirako. Bambo wina amene sitikumudziwa akuti wagula malowo, amangapo timashopu. Titamufunsa anangoti, "Mapepala ndili nawo." Abuloko lida akuti iwonso angoona mchengawo ngati ife. Kodi njira imagulitsidwa? Ine milandu sindiifuna, komanso ndalama za loya ndilibe.

Yankho: Mayi, mtima m'malo. Mchenga ndi mabuloko si umwini wa malo. Ndipo mwalemba nthawi yabwino, khoma lisanakwere. Pa zaka zimene ndagwira ntchito yokonza mapulani a m'tauni, nkhani za timinjira zimene zinatha bwino pafupifupi zonse zinali zoti anthu anadzuka maziko asanathiridwe. Nyumba ikafika pa mawindo, aliyense amayamba kumvera chisoni womangayo, ngakhale amene akudziwa kuti walakwa.

Ndiyambe ndi mbali imene mwina siikusangalatsani. Timinjira ta mu Lilongwe tili mitundu iwiri, ndipo ndi maso timaoneka chimodzimodzi. Pali kanjira kamene kanajambulidwa pa pulani ya dera lonse, imene kuofesi amaitcha layout plan: wojambula anasiya dala mpata pakati pa mapuloti, mpatawo ulibe nambala ya puloti ndipo sunapatsidwe kwa munthu. Ndiye pali kanjira kamene kanapangidwa ndi mapazi. Puloti ya munthu inakhala zaka makumi awiri osamangidwa, anthu n'kumadulirapo, udzu n'kufa, mpaka aliyense kuiwala kuti malowo ali ndi mwini. Mwiniyo, kapena mwana wake, kapena amene wamugula, akabwera ndi lole ya mchenga, anthu amafuula kuti njira yabedwa pamene papepala njirayo sinakhaleko. Ndaimapo pakati pa anthu okwiya, pulani ili m'manja, n'kuwauza kuti munthu akumunenayo akumanga pake. Sizikoma, koma ndi bwino mudziwe kanjira kanu ndi kamtundu uti musanalembere aliyense kalata yaukali.

Mungathe kuyamba kufufuza mawa m'mawa, opanda tambala. Imani pakamwa pa kanjirako muyang'ane kutsogolo. Ngati mipanda ya mbali zonse ziwiri ikuyenda mowongoka, mpata wake uli wofanana kuyambira koyamba mpaka kotulukira, n'kutheka kwambiri kuti kanajambulidwa. Kanjira ka mapazi kamakhotakhota, kamadula pakona. Onaninso ngati muli mapolo a ESCOM, ngalande, kapena chivundikiro cha simenti cha mapaipi. Kenako fufuzani mabikoni. Bikoni ndi kachitsulo kozikidwa m'kasimenti pakona ya puloti, nthawi zambiri kamakhala katakwiririka ndi dothi kapena zinyalala, moti pamafunika khasu ndi kudekha. Mukapeza bikoni ya puloti yanu, n'kupezanso ya anzanu a kutsidya, mpata wotsala pakatiwo ndiye kanjirako. Mukazipeza musazizule kapena kuzisuntha, ndi mlandu. Zijambuleni pafoni basi.

Chifukwa chake timinjira timeneti tilipo n'chakuti Lilongwe ndi mzinda wochita kujambula. Boma litaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, linakhazikitsa bungwe lomanga likulu latsopano, Capital City Development Corporation, mu 1968, ndipo likulu linasamukira kuno mu 1975. Madera anapatsidwa manambala, mapuloti anadulidwa, ndipo pakati pake anasiyamo mipata ya mapaipi a madzi, mawaya a magetsi, ngalande, ndi anthu oyenda pansi. Nthawi imeneyo malo anali mbwee, palibe amene ankasirira kampata ka mamita atatu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda muno, ndipo lero ndi ochuluka kuposa pamenepo. Kampata komwe kaja tsopano munthu akakayang'ana amaona timashopu tinayi ta lendi. Kumbukiraninso kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala, ndiye kwa zaka zonsezo munthu wamba analibe woimira dera lake womuthamangira akaona zachilendo.

Tsono funso lanu lenileni: kodi njira ingasandutsidwe puloti? Ingathe, koma osati ndi munthu mmodzi atakhala pa desiki, ndiponso osati mwakachetechete. Kanjira kojambulidwa ndi malo a anthu onse. Kuti kakhale ka munthu, choyamba pulani ya deralo iyenera kusinthidwa, ndipo mphamvu imeneyo ili ndi komiti yoona za mapulani, motsatira lamulo la Physical Planning Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act ya 1988. Komiti yogwira ntchito yake bwino imafunsa a Lilongwe Water Board ndi a ESCOM ngati ali ndi katundu pansi kapena pamwamba pa malowo, imafunsa mainjiniya kuti madzi a mvula adzalowera kuti, imamvanso maganizo a inu oyandikana nawo. Zikavomerezedwa, saveya wovomerezeka amayeza, malowo amapatsidwa nambala, mwini nthaka amapereka lizi, pepala lobwereketsa malowo kwa zaka zoikika, ndipo pamapeto pake wogulayo amapempha chilolezo cha chimene akufuna kumangacho. Onani kutalika kwa ulendowo. N'zovuta kuti zonsezi zichitike inu ndi abuloko lida osamva kanthu, ngakhale sindinganene kuti n'zosatheka.

Apa ndipamene mawu oti "mapepala ndili nawo" amafunika kuwasenda ngati chinangwa. Mapepala ake ati? Ndaona anthu akutulutsa m'thumba mgwirizano wogulitsana wolembedwa pamanja, wosainidwa ndi mboni ziwiri ndi chidindo cha amfumu. Pepala lotere limangosonyeza kuti ndalama zinasintha manja, silisandutsa njira kukhala puloti. Ena amaonetsa offer letter, kalata yongowauza kuti angapatsidwe malo akakwaniritsa zina ndi zina. Ena ali ndi lizi yeniyeni ya zaka 99, pamodzi ndi deed plan yosonyeza malire, koma mukayeza mumapeza kuti puloti yawo imathera pampanda, kanjirako angokaphatikiza. Ndipo ngakhale munthu atakhala ndi lizi yabwinobwino ya malowo, lizi si chilolezo chomanga. Chilolezo chomanga ndi pepala lina, limabwera ndi mapulani a nyumbayo odindidwa. Timashopu pakati pa nyumba zogona tikufunanso chilolezo chosintha ntchito ya malo. Choncho funso lomufunsa bamboyo, mwaulemu, ndi ili: nambala ya puloti yanu ndi chiyani, anakupatsani ndani, ndipo mapulani odindidwa ali kuti? Munthu amene zake zili bwino sachedwa kutchula nambala.

Musafulumire kumutenga ngati mdani. Kawirikawiri munthu wotere amakhala kuti nayenso wadyeredwa. Madobadoba a malo amadziwa timipata tonse ta mumzinda muno kuposa ife amapulani. Amapeza munthu amene wangolandira penshoni, kapena amene ali ku Johannesburg akutumiza ndalama kwa mlamu wake, amamuonetsa malo Lamlungu masana maofesi ali otseka, n'kumuuza kuti alipire msanga chifukwa pali wina akuwafunanso. Mukamufikira ndi mwano, adzauma khosi n'kumanga usiku. Mukamuuza kuti, "Bambo, tiyeni tikaonere limodzi pulani musanawononge simenti yanu," mwina adzakuthokozani, n'kutembenukira amene anamugulitsa.

Za kumene mungapite, yambani ndi kudziwa mwini nthaka wa dera lanu, chifukwa mu Lilongwe eni nthaka ndi angapo. Malo ena ali m'manja mwa Unduna wa za Malo, ena ndi a Malawi Housing Corporation, ena ndi a khonsolo, makamaka madera aja otchedwa THA (Traditional Housing Areas) amene anachoka ku Housing kupita ku makhonsolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Njira yachidule yodziwira ndi kuyang'ana lisiti lanu la ground rent, lendi ya nthaka: kumene mumalipirako ndiko kuli faelo ya puloti yanu, ndipo pulani ya dera lanu iyenera kupezeka komweko. Koma kaya nthaka ndi ya yani, zomangamanga mumzinda zimadutsa ku dipatimenti ya mapulani ya khonsolo ya mzinda wa Lilongwe, ku Civic Offices ku City Centre. Kumeneko pemphani kuona layout plan ya dera lanu, mutatenga nambala ya puloti yanu ndi za anzanu awiri atatu oyandikana ndi kanjirako.

Musapite nokha, ndipo musangolankhula pakamwa. Mawu a pakamwa kuofesi amauluka ndi mphepo ya fani. Lembani kalata imodzi, yaifupi, isainidwe ndi nyumba zonse zokhudzidwa, aliyense ndi nambala ya puloti yake, abuloko lida asainenso. M'kalatamo nenani kanjira kali pati, mwakhala mukukagwiritsa ntchito bwanji, tsiku limene mchenga unatsitsidwa, ndipo funsani zinthu zitatu: ngati kanjirako kali pa pulani, ngati pali chilolezo chilichonse chimene chinaperekedwa pamalopo, ndiponso kuti ntchito iimitsidwe pamene akufufuza. Lamulo limapatsa akuluakulu a mapulani mphamvu yopereka stop notice, kalata yoimitsa ntchito, komanso yolamula kuti chomangidwa popanda chilolezo chigwetsedwe. Musalembemo zoti wakutiwakuti wadya ndalama, pokhapokha muli ndi umboni m'manja. Pitani ndi makope awiri, imodzi musiye, inayo akudindireni tsiku n'kubwerera nayo. Kope yodindidwayo muisunge ngati chiphaso cha kuchipatala. Mukonzenso makope ena, ina mupatse khansala wa dera lanu, ina a Water Board ndi a ESCOM ngati mwaona paipi kapena polo m'kanjiramo. Mabungwe awiriwa safuna munthu amange pamwamba pa katundu wawo, ndipo nthawi zina kalata yawo imathamanga kuposa yanu.

Wina akakuuzani kuti pulani ndi chinsinsi cha ofesi, musabwerere. Gawo 43 la Malamulo Oyendetsera Dziko limati munthu ali ndi ufulu woti zigamulo za boma zomukhudza zichitike mwachilungamo ndiponso kuti apatsidwe zifukwa zolembedwa. Palinso lamulo la Access to Information, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, lopatsa nzika ufulu wopempha uthenga umene maofesi a boma akusunga. Kungotchula malamulo awiriwa m'kalata, modekha, kumasintha mmene akulandirirani.

Ndikhalitse pang'ono pa nkhani ya madzi, chifukwa m'kalata yanu mwangoidutsa, pamene kwa ine ndiyo mfundo yanu yamphamvu kuposa zonse. Kunena kuti ana azizungulira popita kusukulu n'zoona, koma wina adzakuyankhani kuti kuyenda n'kolimbitsa thupi. Madzi alibe yankho lotere. Zaka zapitazo ndinaitanidwa kudera lina kuno komwe, kumene munthu anatseka kanjira ndi khoma la mabuloko m'mwezi wa Ogasiti. Aneba anang'ung'udza pang'ono n'kusiya, poti fumbi lokhalokha, vuto silinkaoneka. Mvula yoyamba yamphamvu ya Disembala, madzi onse otsika kumtunda anafika pakhomapo, anasowa kolowera, anakhota n'kulowa m'khitchini ya gogo wina amene nyumba yake inali m'munsi. Nditafika m'mawa ndinapeza thumba la ufa lili pamwamba pa tebulo, mbaula ili m'matope, mzere wa madzi ukuoneka pakhoma kufika m'mawondo. Chimbudzi chokumba cha nyumba yotsatira chinali chitadzaza n'kusefukira pabwalo pamene ana amasewera. Womanga khoma uja analibe mtima woipa, anangoona mpata wouma. Madzi saiwala khwawa. Ndipo amene munaona kolera ya 2022 ndi 2023 mukudziwa tanthauzo la chimbudzi kusefukira pakati pa nyumba. Ngati muli ndi zithunzi za kanjirako nthawi ya dzinja madzi akuyenda, zifufuzeni m'mafoni a ana anu, ziphatikizeni ku kalata ija.

Palinso zina zimene anthu amazikumbukira mochedwa. Galimoto yopopa zimbudzi imafika bwanji ku thanki ya kuseri? Moto ukabuka nyumba ya pakati, ozimitsa adutsitsa pati paipi yawo? Ndipo pali nyumba zina, makamaka za lendi za kumbuyo kwa puloti, zimene khomo lake lokhalo ndi la m'kanjira. Ndinaonapo anthu akudutsitsa bokosi la maliro pamwamba pa mpanda chifukwa njira inali itatsala yongokwana munthu mmodzi choyenda cham'mbali. Ngati pamzere wanu pali nyumba yotere, itchuleni poyambirira penipeni.

Chimene simuyenera kuchita: musatume anyamata kukamwaza mchenga kapena kugwetsa chimene chamangidwa. Tsiku lomwelo nkhani imasiya kukhala ya kanjira, imakhala ya kuwononga katundu, ndipo wogona kupolisi amakhala mwana wanu. Musaikenso nkhope ndi dzina la bamboyo pa Facebook kapena pagulu la WhatsApp la dera n'kumutcha wakuba. Komanso wina akabwera n'kunena kuti musonkhe kangachepe "kofulumizitsira faelo," kanani. Mukapereka, mwalowa m'matope omwe mukudandaula.

Mukadikira masabata awiri osayankhidwa, lembani kalata yachiwiri yokumbutsa, mutchulemo tsiku la yoyamba, ipite kwa mkulu woyendetsa khonsolo. Zikakanikabe, makomo ena alipo. Ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo a anthu amene sanathandizidwe mwachilungamo ndi maofesi a boma, ndipo simulipira kanthu. Ngati pali umboni weniweni wa ziphuphu, kwake ndi ku Anti-Corruption Bureau. Koma makomo amenewa amayenda pang'onopang'ono, pamene mmisiri wolipidwa pa kontirakiti amakweza khoma m'masiku atatu. Mukangoona akukumba maziko kalata yanu isanayankhidwe, imeneyo ndiyo nthawi yofuna loya kuti akapemphe chiletso kukhothi. Poti mwati ndalama mulibe, pitani ku Legal Aid Bureau, amene ntchito yawo ndi kuimira anthu osatha kulipira loya, kapena nyumba zonse zisonkherane. Dziwani izi: ngati zapezeka kuti ofesi ina inaperekadi chilolezo ndipo mukufuna Khothi Lalikulu liunikenso chigamulocho, nthawi yake ndi yochepa, miyezi itatu, ndiye si nkhani yodikira kuti tikolole kaye. Dziwaninso kuti kukhothi kuli ngozi yake. Wopempha chiletso akadzagonja angathe kuuzidwa kulipira zimene mnzakeyo wataya pa nthawi imene ntchito inaima. N'chifukwa chake ndakakamira kuti muone kaye pulani.

Nanga zikapezeka kuti bamboyo zake zili m'malo, kaya chifukwa kanjirako kanali ka mapazi pa puloti yake, kaya ndondomeko yonse inatsatidwa? Sikuti mwathera pomwepo. Kambiranani kuti asiye mpata woti munthu wosenza mtolo adutse, ndipo amange ngalande yoti madzi apitirire ulendo wawo. Wamashopu amafuna anthu odutsa, ndiye kanjira kamoyo ndi phindu kwa iye yemwe. Koma mgwirizanowo usathere pa kugwirana chanza. Ulembedwe, ndipo mupemphe kuti mpatawo uoneke pa mapulani ake odindidwa, chifukwa iye akadzagulitsa, wobwerayo sadzadziwa za malonjezo a pakamwa.

Ndinenenso chilungamo, poti ndi ntchito yanga: si kanjira kalikonse kamene ndingakamenyere nkhondo. Tina tinasanduka kudzala, pokodzera anthu ochokera kumowa, pobisalira akuba usiku, moti aneba okha ndiwo amabwera kudzapempha kuti titsekedwe. Ngakhale pamenepo ine ndimakonda geti lotsekedwa usiku n'kutsegulidwa m'mawa, kusiyana ndi kugulitsa, chifukwa geti mungalichotse chaka chamawa pamene shopu simungaichotse. Ngati kanjira kanu kali ndi zinyalala, kasesedwe Loweruka likubwerali, oyendera malo asanafike. Woyendera akapeza njira yosesedwa, mapazi a ana akuoneka pafumbi, amalemba lipoti losiyana ndi limene angalembe atapeza mulu wa matewera ndi mabotolo.

Chomaliza, Mayi, ndipo ichi muwauze anzanu mwakachetechete musanaitane saveya. Timinjira tambiri sitibedwa ndi mlendo wa lole. Timadyedwa pang'onopang'ono ndi eni mzere omwe: uyu wabzala mpanda wa maluwa kunja kwa bikoni, uyo waikapo khola la nkhuku, winayo pomanga mpanda wa njerwa wautulutsa theka la mita. Kukhalitsa pamalo a anthu onse sikumupatsa munthu umwini, ngakhale papite zaka zingati. Saveya akabwera sadzayeza mbali ya bamboyo yokha, tepi yake idzagwira mipanda yonse, wanu womwe. Choncho pofukula mabikoni aja, yambani ndi a puloti yanu, ndipo ngati khola lili kunja kwa mzere, lisunthidwe kalata isanapite ku City Centre.